A Jailosi, pa ndege kapena pansi

Aliyense amene anakwerapo kabaza pa Chitakale akuwakumbuka malemu a Jailosi, munthu amene sankayankha za mtunda asanayang'ane kumwamba. Ukawafunsa kuti ku Muloza n'kutali bwanji, iwo ankakubwezera funso: "Pa ndege kapena pansi?" Chonsechotu ndege ankangoiona ikudutsa pamwamba pa phiri ngati tonsefe.

Ukangokhala pa kaliyala, ankalengeza mokweza: "Okwera nonse mangani malamba, tikunyamuka!" Apo uli wekhawekha, nkhuku ili m'manja. Mayi wina wodwala mutu anawafunsa ngati kuchipatala cha Mishoni afike msanga.

"Pa ndege tafika kale, mayi. Pansi pano pirirani."

Zinawaonekera chaka chimene mwana wawo Lily anatumidwa ndi kuntchito kwake ku Lilongwe, pa ndege yeniyeni. Ulendo womwewo ankati akaonekere koyamba kwa makolo a bwenzi lake. A Jailosi anamuperekeza mpaka ku Chileka, njinga ataikweza pamwamba pa minibasi, poti sankasiyana nayo. Ndege itazimiririka m'mitambo, anatembenuka n'kupeza thumba la nanazi za apongozi lili phee pa kaliyala.

"Mayo ine! Mwana wanga akafike kwa eni ake chimanjamanja?"

Anathamangira mlonda wa pachipata. "Achimwene, ndegeyi kukatera ku Lilongwe imatenga nthawi yaitali bwanji?"

"Ola silikwana, bambo."

"Ndimadziwa ine! Ndi paseri pomwepa."

Basi anaiponda njinga. Anapalasa, anapalasa, mpaka miyendo inakana. Dzuwa likupendeka anafika pa Zalewa, malaya ali chonyowa, n'kufunsa mayi wogulitsa mandasi ngati bwalo la ndege la ku Lilongwe alipitirira. Mayiyo anaseka mpaka kukhala pansi. Mwamwayi panadutsa a Isake, dalaivala wa lole wa kwathu konkuno, amene anawanyamula pamodzi ndi njinga ndi nanazi zomwe. Nthawi imeneyo Lily anali atafika kalekale, atasamba, atadya, ndipo kwa apongozi anapitadi chimanjamanja.

Kutacha, Chitakale yense anali atamva. A Jailosi anachita manyazi oopsa. Anakhala masiku osaoneka pa siteji, ndipo atabwerera chipewa chinali chophimba maso. Anthu ankawaputa dala: "A Jailosi, ku boma n'kutali? Pa ndege kapena pansi?"

"Kwerani tizipita," ankangotero, maso ali pa tayala.

Lily anawauza kangapo kuti apongoziwo anamva nkhaniyo ndipo anati bambo wotero ndi wosowa. Sizinathandize. Za malamba zija sanazitchulenso, nanazi anasiya kudya, ndipo ndege ikamalira kumwamba ankayamba kupopa tayala losaphwa. Pamenepo ngakhale oseka aja kuseka kunawathera.

Tinawaika mwezi wathawu. Manda amaoneka uli pakhonde pawo, kutsidya kwa munda wa tiyi, koma njira imazungulira esiteti yonse. Bokosi linalemera, thukuta lili kamukamu. Tili pakati pa ulendo, a Isake anang'ung'udza chapansipansi:

"Pa ndege tikanafika kale, a Jailosi."

Tinaseka pang'ono, kenako aliyense anawerama, misozi ili mbwee.

Masiku ano pa Chitakale ukafunsa za mtunda, anyamata a kabaza amangoti n'pafupi, kwerani. Ndege imadutsabe pamwamba pa phiri, koma palibe amene amadzutsa mutu.