Makabichi Awiri a Amjomba

Mpaka lero ndikapita ku Metangula sindikwera kumtunda. Ndimathera pamsika, n'kugula zogulazo, n'kubwerera. Anzanga akati tiyeni tikaone uje kubairu, dera la nyumba zakuphiri lija, ine mwendo umayamba kupweteka pomwepo. Chifukwa chake amachidziwa bwino, koma amafunsa dala kuti aseke. Ndiye kuli bwino nkhaniyi ndiinene ndekha, chifukwa iwo akamaifotokoza amaikamo nkhuku ndi mbuzi zomwe sindinazikhudze n'komwe.

Ine ndine wa ku Msumba, mwana wa msodzi. Makolo anga anabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, ine ndili kumsana, ndipo kuyambira pamenepo moyo wanga wonse wakhala wa pagombe. Pagombepo pali lamulo limene palibe anatikhazika pansi kutiphunzitsa: khoka likamakokedwa, aliyense wogwira chingwe ali ndi ndiwo. Kaya ndiwe mlendo wongodutsa, kaya wagwira khoka litatsala pang'ono kutuluka, likafika pamchenga umawerama n'kutola zokwana m'manja mwako, mwini wake akuona. Supempha. Kupempha kuli ngati ukumunena mwini khokalo kuti ndi woumira. Ine ndinakula ndikuganiza kuti dziko lonse limayenda choncho.

Tsono panali mtsikana wina, dzina lake Luziya, amene ankabwera pagombe pathu kudzagula usipa wokagulitsa kumsika wa ku Metangula. Kwawo kunali ku Maniamba, kumtunda kwa alimi, koma ankakhala m'tauni ndi amalume ake, a Bonifasiyo, omwe iye ankangowatchula kuti amjomba. Anali mtsikana woseka ndi maso, wodziwa kunenerera mtengo mpaka msodzi kumva ngati wamuchitira chifundo. Ndinamukonda, osati pang'ono. Titagwirizana za banja, ankhoswe anga anati ndiyambe ndakaonekera ndekha kwa amjombawo, akandione nkhope, kenako akuluakulu atsatire. Bambo ake a Luziya anamwalira kale, choncho mawu onse anali m'kamwa mwa a Bonifasiyo. Akati ayi, ndiye kuti ayi. (Luziya anandiuza kuti amjomba ake amachita geni. Sindinafunse kuti geni yanji. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo ine phulalo ndinalidya lonse.)

Tsiku lake litakwana ndinavala malaya anga oyera a kutchalitchi, ndi nsapato zimene ndimavala pa Pasaka pokha. Amayi anandikulungira kampango wowamba, wamkulu bwino, ndipo ndinakwera njinga yamoto mpaka m'tauni. Mvula inali itagwa dzulo lake. Luziya anali atandilongosolera njira: ndikapitirira mpope, ndikwere mpaka ndikaone nyumba yokhala ndi mtengo wa mango pakhomo. Sanandiuze kuti kubairu imeneyo nyumba iliyonse ili ndi mtengo wa mango pakhomo.

Ndinakwera. Msewu wake ndi wa miyala ndi dothi lofiira, ndipo nyumba zake zinamangidwa ngati zikusuzumirana, khonde la uyu kuyang'ana denga la mnzake. Nsapato zinayamba kundikumbutsa kuti phazi la msodzi silizolowera kutsekeredwa. Ndikapuma n'kucheuka, nyanja inkaoneka pansi, mabwato ali ngati makoko a mtedza, ndipo ndinkadzimva kuti ndafika patali ngakhale kwathu kunali kuseri kwa phiri chabe.

Pamalo ena pokwera kwambiri ndinapeza kalole kakale katatitimira m'matope, tayala lakumbuyo lili m'ngalande. Kanali katadzaza makabichi ochokera kumtunda, akuluakulu ngati mitu ya anthu. Amuna angapo anali atamanga chingwe kutsogolo akukoka, wina ali pachiwongolero akupondereza mafuta, galasi lonse lili matope okhaokha. Ine ndikanangodutsa. Ndinali ndi malaya oyera komanso ulendo waukulu. Koma munthu wa pagombe akaona chingwe chikukokedwa manja amapita okha. Ndinaika kampango pamwala, n'kugwira.

Ndipo kunena zoona, anthu aja sankadziwa kukoka. Aliyense ankakoka nthawi yakeyake ngati akulimbirana. Ndinawaimitsa, n'kuwandandalika bwino, n'kuyambitsa nyimbo yokokera khoka kuti tizigwera kumbuyo pamodzi. Chingwe ndinachiponya paphewa. Titakoka kangapo kalole kanatuluka, kanakwera pang'ono, kenako injini inatsokomola n'kuzima. Woyendetsa uja anatsika akudandaula, n'kutsegula boneti, n'kulowetsamo mutu. Anzanga okoka aja anamuzungulira, aliyense akupereka nzeru.

Ine ndinaona kuti ntchito ya chingwe yatha. Ndinazungulira kumbuyo kwa kalole, n'kusankha makabichi awiri. (Ndikuti kusankha. Ndinawasinasina kuti ndione olimba, n'kubweza limodzi lomwe linali ndi mbozi.) Ndinadabwa pang'ono kuti anzanga aja sakutenga, koma ndinati mwina kwawo kuli ndiwo kale. Ndiye ndinakweza makabichiwo m'mwamba kuti mwini wake aone kuti sindinapyole muyezo, n'kufuula m'Chipwitikizi kuti, "Obrigado, patarau," ndiye kuti zikomo bwana. Ndinatenga kampango wanga, n'kulowa kanjira kodutsa pakati pa nyumba. Kumbuyo ndinamva wina akukuwa. Ndinaganiza kuti akundithokoza chifukwa cha nyimbo ija, ndiye osacheuka ndinangogwedeza kabichi limodzi.

Mumtima ndinali wokondwa zedi. Ndinkati Mulungu wandiona, ndikafika kwa eni ndi nsomba komanso ndiwo zamasamba.

Nditasochera kokwanira, mayi wina anandilozera nyumba ya a Bonifasiyo. Luziya anatuluka akumwetulira, koma ataona malaya anga kumwetulirako kunazima. Kuchokera paphewa kutsika kumsana kunali mzere wofiira wa chingwe, ngati ndakwapulidwa.

"Mwagwa?"

"Ayi, ndimathandiza anthu panjira."

Akazi awo a amjomba, mayi wamtima wabwino amene mpaka pano ndimamukumbukira ndi manyazi, anati sizingatheke kuti mlendo aonekere ali chotero. Anandipatsa malaya a amuna awo kuti ndivale, anga n'kuwachapa mwachangu n'kuwayanika pachingwe kuseri. Dothi la kumeneko silichoka msanga, ndiye mzere uja unangotuwa pang'ono. Analandira kampango ndi makabichi ndi manja awiri, n'kunena kuti mnyamata wodziwa kugula ndiwo ndi wosowa masiku ano. Ine sindinawakonze. Anandikhazika pakhonde, pampando wabwino kuposa yonse.

"Bambo achedwa," anatero. "Atumiza uthenga kuti galimoto lawavuta panjira."

Munthu wanzeru akanamva mawu amenewo n'kuyamba kuyang'ana kumene kuli njira. Ine ndinangoti, "Pepani, misewu yake ndi yovuta."

A Bonifasiyo anafika dzuwa lili pamutu, manja ali bii ndi mafuta a injini. Anali munthu wamfupi, wojintcha, wa mawu okhuthala. Anayang'ana malaya amene ndinavala, n'kuyang'ana mpando umene ndinakhalira, kenako akazi awo anawanong'oneza ndipo anagwedeza mutu. Nkhope yawo sindinaizindikire, popeza kumsewu kuja ndinangoona msana wawo uli m'boneti. Tinapatsana moni mwaulemu. Anandifunsa za makolo, za mpingo, za bwato, ndipo ndinayankha bwino moti ndinaona Luziya akumwetulira pakhomo.

Chakudya chinabwera: mpunga, kampango wanga uja, ndi kabichi wokazinga. Amjomba anadya kabichiyo n'kuima kaye.

"Kabichi wabwino uyu. Ngati wanga yemwe." Anatafuna pang'ono. "Entau, mukudziwa zimene ndaona lero? Tauni ino yatha. Ladarau, wakuba weniweni, masana dzuwa likuswa mtengo, wanditengera makabichi awiri m'galimoto. Wovala bwino, malaya oyera. Ndipo chimene chandipweteka si makabichiwo ayi. Munthuyo anawakweza m'mwamba kundionetsa, n'kundithokoza."

Ndinaweramira m'mbale yanga.

"Ndikumukuwira, iye osacheuka, akungondigwedezera kabichi wanga. Nkhope sindinamuone, koma kumsana anali ndi mzere wa chingwe, kuchokera apa kufika apa."

Akazi awo anasiya kutafuna. Luziya anayang'ana ine, n'kuyang'ana mbale. Paja amati mvula ikakuona litsiro sikata: nthawi yomweyo kamphepo kanawomba kuchokera kunyanja, malaya anga pachingwe paja n'kutembenuka, kuonetsa msana kukhonde. Amjomba anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anayang'ana kabichi wa m'mbale mwawo.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna mumvetse bwino, chifukwa anzanga akamafotokoza amapadumpha. A Bonifasiyo sanakalipe. Mapewa awo anayamba kugwedezeka. Anaika supuni pansi n'kuseka, kuseka kwenikweni, mpaka kupukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja. Akazi awo nawo anabisa nkhope m'chitenje.

"Ndiye kuti ladarau wanga wavala malaya anga, wakhala pampando wanga, ndipo akundidyetsa kabichi wanga," anatero. "Mwana wanga, nenani kuti pepani, tidye."

Mawu amodzi okha. Khomo linali lotseguka, ndipo anachita kundigwira dzanja kuti ndilowe. Koma mawu akuti ladarau anali atandilowa m'magazi. Kwathu munthu akhoza kukunena kuti ndiwe waulesi kapena chidakwa, n'kudzamwa nawe tiyi mawa lake, koma osati wakuba. Luziya, yemwe anali atagwada pafupi akuthira madzi m'makapu, ananditsina pachigongono. Ndinamva, koma ndinachita ngati ndi udzudzu.

"Bambo, ine sindinabe. Ndinagwira chingwe."

"Chingwe?"

"Wogwira chingwe ali ndi gawo lake. Ngakhale mwana wamng'ono amadziwa zimenezo."

Kuseka kunachepa. "Izo ndi za pagombe, achimwene, ndimazidziwa. Nsomba simulima, mumangokapeza m'madzi. Kabichi uyu munthu anamuthirira ndi ndowa, ine n'kumugula, n'kumutsitsa phiri lonse lija."

Apa Luziya ananditsinanso, mwamphamvu. Koma pakamwa panga panali patatsetsereka kale. Ndinawauza kuti popanda ine galimoto lawo likanagona m'ngalande. Ndinawauza kuti anthu amene anawathandiza aja anapita manjamanja, ndipo kwathu mwini khoka wotero palibe amamugwiriranso chingwe. Ndipo ndinamaliza ndi mawu amene ndikawakumbukira ndimafuna kulowa pansi: ndinati n'chifukwa chake timati anthu akumtunda dzanja lawo ndi louma. Ndinanena zimenezi nditavala malaya awo, m'mimba muli mpunga wawo.

A Bonifasiyo anasamba m'manja pang'onopang'ono, n'kupukuta chala chimodzichimodzi.

"Luziya nayenso ndi wakumtunda," anatero motsitsa mawu. "Kabichi ndakukhululukirani, idyani. Koma munthu amene amati akagwira chinthu ndiye kuti chakhala chake, ndipo ukamuuza amakuphunzitsa m'nyumba mwako, ine mwana wa mlongo wanga sindingamupatse. Mayi, apatseni malaya awo."

Malayawo anali asanaume. Ndinawavala choncho, akundimata pamsana, n'kutsanzika mopanda wondiyankha kupatula mayi aja. Luziya anandiperekeza mpaka pampope, akuyenda patsogolo. Titafika anaima.

"Amjomba anaseka," anatero. "Chibwerereni kuno sindinawaonepo akuseka ndi mlendo. Anali atakukondani."

"Koma Luziya, iwe ukudziwa kuti sindine wakuba."

"Ndikudziwa. Iwonso akudziwa. Palibe amene amafuna kuti muvomere kuba. Ndinakutsinani kawiri." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Munasankha kupambana."

Ndinatsika phiri lija nsapato zili m'manja. Kunyumba bambo anga anamvetsera nkhani yonse, ndipo ndinkayembekeza kuti monga msodzi andiikira kumbuyo. Anangoti, "Za chingwe sunalakwe. Koma kwa eni kulibe mkuwe." Ankhoswe anga anakwera kukapepesa, atanyamula nsomba zambiri kuposa makabichi khumi. A Bonifasiyo anawalandira bwino, kuwadyetsa, kuwaperekeza mpaka kumsewu, koma mawu awo sanasinthe. Ine ndemwe ndikanayenera kukwera n'kukagwada, ndipo ndinkati ndipita mtima ukazizira. Mtima wanga unachedwa kuzizira. Pamene ndinkati tsopano ndakonzeka, Luziya anali atasiya kubwera pagombe, ndipo ndinamva kuti wabwerera ku Maniamba kwa amayi ake.

Zimandiwawa, sindibisa. Anzanga amaseka za makabichi, nanenso ndimaseka nawo, koma ndikakhala ndekha ndikusoka ukonde sizikhala zoseketsa. Chodabwitsa n'chakuti mpaka pano, mukandifunsa, ndikuuzani kuti wogwira chingwe ali ndi gawo lake, ndipo mlandu umenewu ndimaupambana tsiku lililonse m'mutu mwanga, popanda wondiwombera m'manja. Luziya ali ndi ana awiri tsopano. Ndamva kuti mwamuna wake ndi munthu wosayankhula kwambiri.