Tsiku Limene Ndinapulumutsa Nsomba za Apongozi

Anzanga, mukamva anthu akunena kuti mkazi wa Yohane sagwira chinthu asanauzidwe, musanditeteze, akunena zoona. Koma ulesi umenewu sindinabadwe nawo ayi, ndinachita kukauphunzira ku Woodlands, kwa apongozi anga, nditagwada pa kapeti yonyowa.

Zinali zaka zija za mizere, zija ukaona anthu atandanda pakhomo pa sitolo umayamba waima kaye kumbuyo kwawo kenako n'kufunsa kuti kwabwera chiyani. Sopo kunalibe, mafuta ophikira kunalibe, ndipo mwezi umene ndinakwatiwa mchere unali utasowa Lusaka yense. Ine ndinali mtsikana wa ku Katete, m'tauni ndinali nditangokhalako pang'ono kwa azakhali anga ku Kabwata, komwe Yohane anandionera. Alangizi asanandiperekeze anandikhazika pansi n'kundiuza kuti mtengwa amadzuka anzake ali m'tulo, sadutsa litsiro akuliona, ndipo apongozi aamuna sawayang'ana kumaso, sawafunsa funso, akatulukira uku iwe lowera uko. Anawonjezanso kuti akuchimuna amayesa, amasiya dala chinthu chakuda kuti aone ngati uli ndi maso, ndipo ukalephera amakubweza kwanu ndi sutikesi yako. Malangizo onsewo ndinawameza osatafuna.

Apongozi aamunawo, a Tembo, anagwirako ntchito ku Dar es Salaam, ndipo pobwerera, anzawo akukweza nsalu ndi mawailesi m'sitima, iwo anakweza nsomba zamoyo. Zinkakhala pabalaza mu thanki yagalasi yaitali ngati benchi ya m'tchalitchi. Munali yachikasu, yobiriwira, kena kofiirira ka mizeremizere, ndi kena ka buluu ka mzere wakuda. Tsiku limene ndinafika ndinaima n'kumaziyang'ana kukamwa kuli yasa, ndiye mlamu wanga Dorini, mlongo wake wa Yohane, mwana wobadwira m'tauni wosadziwa kumene khasu limagwiridwa, anandiseka.

"Ba mulamu, shani? Ayo ni ma fishi ya ba dadi, yamaitanidwa ma rasi. Si kapenta ya ku Katete iyo, sitidya."

Ndinaseka nawo, koma mumtima ndinamusungira.

Lamlungu loyamba onse anavala kupita ku tchalitchi. Apongozi aakazi anati ine nditsale ndipume, ndingotereka nyemba pamoto. "Mchere tilibe, mwananga, ungophika choncho, tazolowera." Kupuma? Ine? Galimoto itangotuluka pageti ndinamanga chitenje, ndinasesa, ndinakolopa, ndinapukuta mpaka miyendo ya mipando, ndiye pobwerera m'mbuyo kuti ndisirire ntchito yanga maso anagwera pa thanki ija. Mayo ine! Miyala yonse ndere zokhazokha, pansi mchenga, m'mbali mwa chivindikiro zinthu zoyera zitauma gwa. Nyumba ya anthu ophunzira, litsiro pabalaza penipeni? Ndinangoti eya, mayeso aja ndi amenewa, ndawaona.

Ndinachotsa chivindikiro. Sindinadziwe kuti chivindikirocho anaikira dala chifukwa nsomba za mtundu umenewu zimadumpha. Yobiriwira ija inangoti thu, kudutsa paphewa panga, phwa pa kapeti, n'kuphiriphitha mpaka kunsi kwa sofa. Ndinagona chafufumimba n'kumaisaka ndi dzanja, iyo ikuterereka, ine ndikuichonderera monga munthu, "Pepani amayi, bwererani, mundiphetsa!" Nditaigwira ndi nsonga ya chitenje n'kuiponyamo, madzi anandithovukira pamilomo.

Mchere.

Ndinalawanso ndi chala. Mchere weniweni, wowawa, woti ukhoza kukoleretsa ndiwo za ukwati wonse. Tsono inu mukanakhala ine mukanaganiza chiyani? Ine ndakulira kumadambo, nsomba ndikuzidziwa, nsomba imakumana ndi mchere ikafa basi. Nyanja yamchere ndinkangoimva kusukulu, ndipo kuti munthu angaibweretse pabalaza ku Woodlands sizinandifike n'komwe m'mutu. Ndinaona chiwembu poyera: Dorini wathira mchere kuti nsomba zife tsiku limene m'nyumba mwatsala ine ndekha. Ndinapsa mtima. Anthu tikudya ndiwo zozizira, iye ali ndi mchere wotayira m'madzi kuti andithetsere banja! Ndinati mwana iwe, wachepa nazo.

Ndinatunga madzi omwewo m'ndowa n'kuyamba kuvuula nsomba ndi sefa ya tiyi. Apo n'kuti nditaona kale kuti ka buluu kaja kamangoyendera zinzake n'kumazijompha m'mbali, m'mutu, mpaka m'kamwa, zinzakezo zitangoima duu. Ndinati iwe ndiwe wovuta m'mudzi muno, ndipo popeza masiku amenewo aliyense wovuta ankamutsekera popanda mlandu, nako ndinakatsekera kokha mumphika n'kuvindikira. Kofiirira ka mizeremizere, kooneka kofatsa, ndinakaika pamodzi ndi yobiriwira. Sipanapite nthawi m'ndowamo munali nkhondo, kofatsa kaja kakuthamangitsa inzake mozungulira, madzi akuthovukira pansi. Ndinati ndi mchere wazizunguza mitu.

Nanga yachikasu? Yachikasu kulibe. Ndinachotsa miyala yonse, kulibe. Kunsi kwa sofa, kulibe. Potembenuka ndinaona mphaka wa m'nyumbamo atakhala pakhomo akunyambita dzanja lake mwaulemu. Zimene ndinamuchita mphaka ameneyo ndi tsache Mulungu andikhululukire, anakatsikira kuseri kwa mpanda wa aneba ndipo mpaka ndinasamuka panyumbapo sanandiyandikirenso. Ndinalira pang'ono, kenako ndinadzilimbitsa mtima kuti imodzi yapita koma zitatu ndizipulumutsa, apongozi adzaona okha.

Madzi amchere aja kutaya sindikanatha, dzanja linakana. Mchere, chaka chimenecho? Ndinawatungira mu dramu yopanda kanthu imene ankasungiramo madzi mipopi ikauma. Mchenga ndinaukokolola ndi mbale n'kuuika m'beseni kuseri kwa khitchini, madzi ake akuyandama pamwamba, kuti ndiutsuke pambuyo. Miyala ndinaikwecha ndi chikopa cha chimanga mpaka ndere zonse zinatha, mwayi wake sopo munalibe m'nyumbamo, akanakhalapo bwenzi nkhani ino ndikuifotokozera ku Katete. Podutsa kukhitchini ndinamva nyemba zikubwata, zopanda kanthu, zomvetsa chisoni. Ndinayang'ana nyemba, ndinayang'ana dramu. Ndinatunga kapu, kenako ina, ndinalawa, ndinawonjezera.

Thanki ndinaidzaza ndi madzi a pampopi, oyera mbee, galasi likuwala. Nditamva galimoto pageti ndinakhuthuliramo nsomba zitatu zija msangamsanga, ndinakonza duku, n'kukagwada pambali pa chitseko maso pansi, mtima ukuvina, ndikudikira kuyamikiridwa.

Analowa a Tembo, Baibulo kukhwapa. Pambuyo pawo panali apongozi aakazi, Yohane ndi Dorini. Kenako ndinamva Baibulo lagwa.

Ndinaba kuyang'ana. Nsomba zanga zopulumutsidwa zija zinali zitagona cham'mbali pansi pa galasi, makha akupita mmwamba ndi pansi. A Tembo anaviika chala, analawa, ndipo kwa nthawi yoyamba chilowereni m'banjamo anandilankhula ine mwini.

"Madzi anali muno ali kuti?"

Tsono alangizi anati chiyani? Ndinatembenukira kukhoma n'kunong'oneza mwamuna wanga. "A Yohane, auzeni atate kuti munthu wina wake, sindimutchula, anathiramo mchere, ndiye ine..."

"Ati bwanji?" anafunsa a Tembo.

"Akuti munthu wina wake..." anayamba Yohane.

"Mayi inu!" anakuwa a Tembo. "Ulemu tidzachita mawa! Madzi ali kuti?"

"Mu dramu!"

Sindinaonepo mkulu wa mpingo akuthamanga chotero. Anavuula nsomba ndi manja, jekete la suti lili m'thupi, n'kukaziponya mu dramu muja. Kenako tinayamba kukapa madzi anga oyera aja, iwo ndowa ine ndowa, tikugundana mapewa pakhomo, munthu amene m'mawa mwake ndinamuthawa pakhonde kuti chithunzithunzi chake chisandikhudze. Ali wefuwefu ankandilalikira. Nsomba zimenezi n'za m'nyanja yamchere, madzi a pampopi kwa izo ndi poizoni. Ndere zija anazilera zaka kuti zimere. Anafunsa chifukwa chake yobiriwira yang'ambika chipsepse, ndinafotokoza za ndowa ndi mphika, anaima n'kugwira m'chiuno.

"Ka buluu kaja ndi dokotala, kamachotsa tizilombo pa zinzake, n'chifukwa chake zimaima. Chigawenga ndi ka mizeremizere, ndinakaika komaliza kuti kapeze zinzake zitakhazikika kale. Inu mwamanga dokotala, chigawenga mwachipatsa chipinda chimodzi ndi wodwala!"

Dorini anali atakhala pa sofa akuseka mpaka misozi. "Ba mulamu mwasambika ma fishi! Mwaiwala chabe kuyazola mafuta!"

Nsomba zitayamba kugwedeza michira mu dramu, a Tembo anawerenga n'kufunsa yachikasu. Apo ndiye ndinagwada m'madzi momwemo n'kulira kwenikweni, kulira kwa pamaliro, ndikuona kale sutikesi yanga pamutu, ndikutsika basi ku Kabwata, azakhali ataima pakhomo manja m'chiuno. Ndinati yadyedwa ndi mphaka, ndipo mphakayo ndamulanga kale.

"Mchenga mwaika kuti?" anafunsa a Tembo.

Ndinawalondolera kuseri kwa khitchini. Anapisa dzanja m'beseni pang'onopang'ono, ndipo mumchengamo munatuluka chinthu chachikasu, chamoyo, chonenepa, chikuoneka chonyansidwa kuti achidzutsa. Kani nsomba imeneyo ikaopa kapena ikafuna kugona imadzikwirira mumchenga. Ine ndi mphaka tinadana chabe.

Pobwezera madzi mu thanki anapeza kuti aperewera pang'ono. Anayang'ana pa kapeti, anati mwina ndi amene atayikawa. Ine ndinangowerama n'kumapukuta kapetiyo.

Tinakhala pa tebulo dzuwa litapendeka, aliyense zovala zonyowa. Ine ndinkangodikira chigamulo. A Tembo anatapa nyemba, anatafuna, anaima. Anatapanso. Apongozi aakazi nawo analawa, n'kukweza maso.

"Mwananga, mchere waupeza kuti?"

Ndinayang'ana kukhoma. Khoma silinandithandize. Maso a onse anatembenukira ku thanki, kumene madzi anali asanafike pamzere wake.

Dorini analavulira m'dzanja. "Ba dadi! Ni manzi yamene ma fishi yanu yamachitilamo toileti!"

Apongozi aakazi sanalavule. Anameza bwinobwino, anapukuta pakamwa, n'kutembenukira amuna awo. Apo m'pamene ndinamva kuti m'nyumba imeneyo munali thumba lathunthu la mchere wa nsomba wochokera ku Dar, lokhomeredwa mu wadiropu, kiyi ali m'thumba mwa a Tembo.

"Chisowereni mchere ndakhala ndikukupemphani supuni imodzi, inu mukuti ndi wa nsomba, si wa anthu. Nsomba zikusambira mumchere, akazi anu akudya ndiwo zozizira. Mwana wa eni wabwera dzana, wapeza njira. Ameneyu ndiye mtengwa, ndipo sapita kulikonse."

A Tembo anayang'ana akazi awo, anayang'ana nsomba zawo, zonse zinayi zikuzungulira miyala yoyera ngati alendo. Kenako anakankhira mbale yawo kwa ine, osadzera kwa Yohane.

"Mayi, onjezerani nyembazo. Koma mawa ndikukagula loko wa chivindikiro cha thanki."

Anaguladi, ndipo kiyi wake anamumangirira pamodzi ndi wa wadiropu. Ine kuyambira tsiku limenelo ndinalumbira: chinthu cha eni, kaya chida bwanji, kaya chimere ndere mpaka kuphuka maluwa, ndimachipatsa moni n'kudutsa. Nsomba ndimaigwira ikakhala yakufa kale, ndipo ngakhale pamenepo ndimayamba ndafunsa ngati ili ndi mwini wake.