Chala cha Amayi Chathawa Inki

Usiku watha ndinalota zinthu, anzanga inu, moti mpaka pano mutu sunabwerere m'malo. Koma tiyambe ndi mphekesera ija, si nonse mwaimva ku mjigo? Akuti a khonsolo amene aika tebulo pansi pa mkuyu pamsika, aja akuthandiza anthu a malipiro ochepa kubwezeredwa msonkho umene anadulidwa mopyola, inki yawo imapopa magazi. Ukangodinda chala, wauma ngati bonya. Amayi anga nawo akuti sapitako. Chonsecho lero ndi tsiku lomaliza, ndipo ndalamayo ndi imene ikanagula malata otseka pamene pamandidonthera ndikagona.

Ndiye m'malotomo ndinapezeka ndili m'munda wa tiyi, dzuwa lili paliwombo, nditavala nsapato za abusa. Dengu limene amayi amabereka pothyola tiyi likuyenda lokha m'mizere, likudandaula msana.

"Ndaziona," linandiitana, "thamanga, chala cha amayi ako chathawa."

"Chiti?"

"Chachikulu. Sichinatsanzike n'komwe."

Kucheuka, n'zoonadi! Amayi akuthyola ndi zala zinayi, akuimba ya ku Mvano ngati palibe chachitika, uku chala chikudumphadumpha kulowera kumsika, chitamanga duku.

Ndiye ndinakwera kabaza, koma njingayo inati yatopa, lero ndiinyamule ndine. Mwadzidzidzi msewu unadzipinda ngati mphasa, ine phi! pansi pa mkuyu paja. Mzere wake, abale! Othyola tiyi, osesa m'maofesi, ndi tochi ya mlonda itaima m'malo mwa mwini wake, akuti iye akupha tulo.

Patebulo panali mayi Likoswe a ku khonsolo, aja amavala magalasi a chingwe. Anangoyetsemula kamodzi n'kusanduka nkhanga, magalasi ali pomwepo. Mnzawo wa taye, a Thombozi, anasanduka kamba, taye ikukhwekhwereza pansi. Kumbuyo kwawo anamangirira ng'ombe ya mimba ngati tchalitchi, akuti dzina lake ndi Msonkho.

"Musaiope," inatero nkhanga. "Ng'ombeyi ndi imene imakonza misewu, imakokanso mankhwala kupita nawo kuchipatala. Kungoti podya inapyola muyeso, inadya ndi udzu wanu womwe, inu a timadimba tating'ono. Ife tabwera kudzaisisita pamimba kuti ibzikule."

Ndiye kamba anayamba kusisita, pang'onopang'ono ngati ali ndi chaka chonse. Ng'ombe inageya, panatuluka thumba la feteleza, wina n'kulisenza akululutira. Inageyanso, panatuluka nsapato za sukulu, tochi ija n'kuzitenga. Kachitatu anaonekera malata, atakakamira pakhosi, nsonga zokha zili kunja.

"Awa ndi a amake Ndaziona," inatero nkhanga, ikundiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mwanawe, kawaitane adzadinde. Dzuwa likangolowa, ng'ombe iwamezanso, ife sitingaikanize."

Ndiye ndinazungulira msika wonse, mpaka chala ndinachipeza chitabisala mumulu wa tomato, chikudziyesa tomato.

"Tulukamo! Ukuopa kupopedwa magazi?"

"Magazi ake ati?" chinaseka. "Tiyi anandimaliza kalekale. Za magazizo tinapeka tokha, ife zala zosadziwa cholembera."

"Nanga ukuthawa chiyani?"

"Inki ija sichoka msanga, mwanawe, olo ndi phulusa. Lamulungu amayi ako amaima kutsogolo ndi buku la nyimbo, anzawo akatembenuza tsamba nawonso amatembenuza. Ndikagwire bukulo ndili buluu? Mayi Namagonya, a miseche aja, aona ali kubenchi lakumbuyo. Pofika pa chopereka, mpingo wonse wadziwa kuti amayi ako amangoimba za pamtima."

Ine kukamwa yasa. Amayi anga omwe aja, amatsegula kope langa n'kuloza kuti, "Apa ulembe bwino"?

Mwadzidzidzi kabokosi ka inki kanatsokomola patebulo. "Ine sindikakamiza munthu," kanatero. "Ofuna kulemba dzina, cholembera icho."

"Ndibweretsereni dzanja lililonse," chinayankhira cholembera. "Zilembo zopindika ngati miyendo ya nkhanu ndimalandira, bola zikhale za mwini wake."

Ndiye mumkuyu munatera khwangwala wovala duku loyera, mawu ake a mayi Namagonya enieni: "Akudinda ndani? Ndione! Ndione!" Koma phiko limodzi akulibisa m'khwapa. Ine, mukundidziwa, ndinasuzumira. Nsonga yake buluu, anzanga! Ndinafuna kukuwa kuti msika wonse umve, koma lilime langa linati lapita kotunga madzi.

Mwadzidzidzi dzuwa linayamba kutsetsereka ngati lalanje pa tebulo lopendekeka. Ng'ombe inatukula khosi. Ndinagwira nsonga ya malata n'kumakoka, nkhanga yandigwira chitenje, kamba wagwira nkhanga, ine ndikuitana, "Amayi! Amayi!" Koma malata akulowabe, akukhula kukhosi, khwee, khwee, khwee...

Kutsegula maso, kunja kwayera, koma khwee uja akumvekabe pakhonde. Ndinasuzumira pamng'alu wa chitseko. Amayi agwada, khala lili m'manja, chiphaso chawo cha kuchipatala achiyedzamitsa kukhoma, akukopera dzina lawo pansi: Elube. E woyamba watuluka ndi mano anayi ngati chipeso. Atamva chitseko, anafufuta msangamsanga ndi phazi.

"Wadzuka? Ndimathamangitsa nyerere. Zachuluka pano."

Chala chawo chili bii ndi makala.

Iyi ndakuuzani inu awiri nokha, Felesiya ndi Yankho. Ikakafika ku mjigo, ndikudziwa khomo loyambira. Koma tebulo lija lichoka madzulo ano, ndipo mitambo mwaiona nokha. Ndiwagwire dzanja tilembe limodzi, adziwe kuti ndadziwa? Kapena nditenge tsache ndiwathandize kusesa nyerere zawozo, mvula izindidontherabe? Akanakhala amayi anu, inuyo mukanatani?