Nkhanu pathabwa la tchizi

Okhudzidwa ndi nkhaniyi tilipo anayi: ine Bambo Gilibati Mwale, mphunzitsi wamkulu wopuma ntchito ndiponso mkulu wa mpingo kuno ku Senga Bay, akazi anga, Mayi Nabanda, mdzukulu wathu Tadala, amene amagwira ntchito kukhitchini ya loji ina, ndi Bambo Chikafa a ku Lilongwe, amalume a mnyamata amene akufuna kukwatira Tadalayo.

Linali tsiku loti akuchimuna adzatione koyamba, ndipo Tadala ankafunitsitsa kuti alendowo abwerere akunena kuti mwana wawo akulowa m'banja labwino. Anabwera ndi thabwa lalikulu losalala, tchizi wamitundumitundu ndi mabisiketi, n'kunena kuti ayala zonsezi kuti zioneke ngati nyanja. Ndinafunsa chifukwa chodyetsera alendo pathabwa pamene mbale zili mbwee m'kabati. Anati ndi mmene akuchitira masiku ano. Asanayambe n'komwe anamuitana mwadzidzidzi kuntchito, Mayi Nabanda ali kumsika ku Salima, ndiye ndinati, "Pita, mwana iwe. Munthu amene anayendetsa sukulu sangalephere thabwa." Anandionetsa chithunzi pafoni: nsomba, mchenga, nkhanu pakati. Foniyo anapita nayo.

Ndinayamba ndi kuyendera katundu. Tchizi woyamba anali ndi nkhungu mpaka m'kati, fungo lake ngati sokosi za mwana wa kubodingi. Ndinakataya kudzala, ndikudandaula kuti a sitolo amupusitsa mwana. Wachiwiri anali ndi mabowo. Ndinati awa ndi makoswe, ndipo ndinayamba kusema paliponse pamene panali bowo, koma ukasema bowo limodzi umapeza lina pansi pake. Kodi ndi khoswe wanji amene amadya m'kati osaboola kunja? Yankho sindinalipeze. Ndinangotsala ndi kachidutswa konga sopo wotha.

Tsopano thabwa linali lopanda kanthu. Koma za nyanja ndichite kuphunzitsidwa ine? Ndinatenga usipa wouma n'kuundandalika m'mizere, mitu yonse kuyang'ana mbali imodzi, waung'ono kutsogolo, waukulu kumbuyo. Mchenga ndinakatapa kugombe, ndinautsuka, ndinauyanika, ndinausefa. Mabisiketi anatsala opanda ntchito, ndipo ndinadabwa kuti anagulidwiranji. Nkhanu ndinapempha kwa msodzi wina amene ankasoka ukonde. Inali yamwano, choncho ndinaiika mufiliji, ndipo potulutsa inali duu, yakufa ndithu mmene ndinaonera ine. Ndinaikhazika pakati, ndinavundikira zonse ndi nsalu yoyera.

Mayi Nabanda atangobwerako kumsika, Tadala anafika pamodzi ndi alendo, ali wefuwefu. Atavundukula nsalu anangoti kukamwa yasa, ine n'kumati wagoma. Bambo Chikafa, munthu waulemu kwambiri, anati, "Izi ndiye zamakono, tinazionako kuhotela. Mchengawu amapanga ndi mabisiketi ophwanyaphwanya." Ndisanamvetse bwino mawuwo, anali atatapa kale supuni yodzaza n'kuponya m'kamwa. Ndikuuzeni zoona, chimene chinandiwawa panthawiyo sichinali mchenga ayi, koma kuti munthu wadya tisanapemphere. Ndinaimirira n'kuti, "Tiyeni tipemphere."

Amene amandidziwa akudziwa kuti pemphero langa silithamanga. Ndili mkati ndinamva mpando ukukwekwerezeka, wina akunong'ona, wina akuti "agogo, agogo." Kumishoni anatiphunzitsa kuti popemphera sayang'ana. Ndinangokweza mawu, ndinawonjezera ndime yopempherera anthu osakhazikika pa zinthu za Mulungu.

Nditati amen ndinapeza kuti nkhanu ija yamva kutentha n'kudzuka. Inali itadutsa m'mizere ya usipa, kuisokoneza yonse, n'kukagwira chala cha Bambo Chikafa chimene chinali m'mphepete mwa tebulo. Mkuluyo anali chiimire, dzanja m'mwamba, nkhanu ili lendee, misozi ili chuchuchu, koma pakamwa atatseka, chifukwa sakanalavula mchenga pakati pa pemphero m'nyumba ya apongozi. Tadala anali atabisa nkhope kuseri kwa chitseko. Ine ndinangofunsa kuti, "Kodi siinafe?"

Mayi Nabanda anachotsa nkhanuyo ndi chipande, n'kupereka madzi kwa mlendo. Bambo Chikafa anakachukucha m'kamwa kuseri kwa nyumba nthawi yaitali, aliyense wa ife akuganiza kuti ukwati wathera pomwepa. Atabwerako anakhala pansi bwinobwino, namanga chala ndi kansalu, nati, "Achimwene, ukwati ulipo. Banja limene limasefa ngakhale mchenga si banja lolitaya. Koma tsiku la chinkhoswe mudzapemphere maso ali otsegula."

Mayi Nabanda anawonjezera kuti kukhitchini ndisadzapondekonso, ntchito yanga ikhale yoyala mipando. Akuchimuna anavomera, Tadala anavomera ali kuseri kwa chitseko komweko, ndipo ine, ngakhale za mabowo aja sindinazimvetsebe mpaka lero, ndinavomera, n'kulonjeza kuti tchizi sindidzamukhudzanso.