Jekete la Sekuru Phiri

M'kabati mwanga muli jekete limene mayi a kunyumba akhala akufuna kulitaya kwa zaka zambiri. Ndi lakuda, lolemera ngati thumba la simenti, ndipo mkono wake wakumanja unasokedwa ndi ulusi wofiira. Amene anang'amba mkonowo ndine. Ndinaung'ambira pamaliro, kudziko la eni, anthu akuona.

Kampani yocheka matabwa imene ndinkagwirako ntchito inanditumiza ku Mutare kukaphunzira za makina kwa chaka. Ndinapita imvi zitayamba kale, n'kukakhala m'kalasi ndi anyamata oti ndikanatha kuwabereka. Ankanditcha mudhara, ndiye kuti mdala m'Chishona. Nditangofika ndinakangana ndi kondakitala wa kombi, mawa lake ndi mlonda wa pageti. (Amene amandidziwa sangadabwe. Mtima wanga uli ngati utuchi wouma, kungogwerapo kamoto basi.)

Malo ogona ndinawapeza ku Hobhouse, kwa Sekuru Phiri (kumeneko agogo aamuna amati sekuru), nkhalamba yopuma ntchito ya njanji. Bambo awo anachoka ku Dedza wapansi kalekale, iwo n'kubadwira ku Mutare komweko. Chichewa chawo chinali chosakanikirana ndi Chishona, koma atamva changa anandigwira dzanja osalisiya. Ananditenga ngati mwana wawo. Nyengo yozizira itafika, m'mawa uliwonse ankandiponyera jekete lawo la kunjanji.

"Vala iwe," ankatero. "Anthu a kumudzi mumafa ndi chibayo chifukwa cha manyazi."

Chimene chinkandinyansa pakhomopo chinali chimodzi: a Marowa, mdala wa Chishona wa nyumba yoyandikana nayo. Munthu ameneyu ankalowa osaodira, kuthyola mapeyala, kukhala pampando wa eni ake, n'kuyamba kunyoza Sekuru kuti ali ndi makutu ngati zitseko za sitima. Sekuru kumangoseka. Nditadandaula anati, "Musiye, ndi sahwira wanga ameneyo." Sindinafunse kuti sahwira amachita chiyani. Ndinangoti mumtima, tsiku lina adzandiona.

Sekuru anamwalira nditatsala pang'ono kulemba mayeso omaliza. Ndinalira ngati amwalira ndi bambo ondibereka.

M'mawa wa tsiku loika maliro bokosi linatulutsidwa pabwalo. Amayi ankaimba, abale ochokera ku Penhalonga ndi ku Marange atadzaza mpaka kumsewu, lole ikudikira. Kenako ndinangoona a Marowa akulowa pageti atavala jekete la Sekuru, chipewa cha Sekuru, akutsimphina ngati Sekuru, mpaka kutsokomola komwe. Anapita kwa Ambuya Phiri, mkazi wa malemu, n'kukuwa m'mawu a malemuwo:

"Iwe mkazi, tiyi wanga ali kuti? Shuga wabisanso?"

Anthu anaseka. Ine magazi anayamba kuwira. Ndinadziuza kuti akuseka chifukwa cha manyazi, akusowa wolimba mtima woti achotse chidakwachi.

Mdalayo sanalekere pomwepo. Anagogoda bokosi ngati chitseko.

"Dzuka Phiri, ukunama iwe! Ulesi wako uja wafika pogona anthu akulima?"

Atatero anakhala pabokosi pomwepo, n'kupinda mwendo.

Ndinaimirira. "Inu achikulire, tsikani pamenepo."

"Aa, mwana wa sukulu! Bwera tikhale tonse, malo alipo."

Chimene chinachitika kenako ndimachikumbukira ngati ndinkaonera wina. Ndinawagwira mkono, kuwazula pabokosi, kuwakoka kudutsa pakati pa amayi a mvano. Iwo kukokera uku, ine kukokera uko. Tikufika pageti ndinangomva kuti kwee! Mdala anagwera kunja, mkono wa jekete n'kutsala m'manja mwanga. Ndinatseka geti ndi phazi, n'kutembenuka chifuwa chili patsogolo, kudikira kuti anthu andithokoze. (Inde, ndinkayembekezera zikomo. Lekani kuseka.)

Nyimbo inali itasiya. Ambuya Phiri anandiyang'ana, misozi ili m'masaya, ndipo apa m'pamene ndinazindikira kuti mayiwa anali akuseka kwa nthawi yoyamba chimwalirireni amuna awo, ine n'kudula chisekocho.

"Mwanangu, wachita chiyani?"

"Amayi, munthu uja amanyoza malemu."

"Ndiye ntchito yake imeneyo! Amene wasambitsa thupi la Sekuru wako ndi iyeyo. Mawu otsiriza a Sekuru wako ali m'mutu mwake. Akapanda kutiseketsa iyeyo, mitima yathuyi iphulika. Tsopano bokosi ili lituluka bwanji? Popanda sahwira silidutsa pageti."

(Kwathu adzukulu nawonso amachita nthabwala kumanda, ndikudziwa bwinobwino. Koma mkwiyo wanga sufunsa mutu. Umangopita kumanja.)

Dzuwa linkakwera. Woyendetsa lole anali atayamba kale kuyang'ana wotchi. Sekuru, munthu amene anandifunditsa jekete lake, anali gone pabwalo osatha kupita kumanda chifukwa cha ine. Panalibe wondikalipira, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa mbama. Mkulu wina anangondilozera nyumba ya a Marowa ndi chibwano.

Ndinawapeza atakhala pakhonde akumwa tiyi, jekete la mkono umodzi lili m'thupi. Mkono winawo ndinali nditaugwirabe, osadziwa pouika. Ndinagwada pafumbi n'kuyamba kuomba m'manja monga amachitira kumeneko popepesa. Msewu wonse unali utasuzumira pampanda.

"Sindikumva," anatero a Marowa. "Ukuomba kapena ukupha udzudzu?"

Ndinaomba mwamphamvu.

"Phiri anandiuza kuti mlendo wake ali ndi mtima wa galu wobereka kumene. Ndinkayesa akunama monga mwa masiku onse."

"Ndalakwa, bambo. Sindinadziwe."

"Sunadziwe, koma unafunsa?"

Anaika kapu pansi. Atayankhulanso, mawu awo anali ena, a pansipansi.

"Ine ndi uja tinayamba ntchito ya njanji tili anyamata. Ana ake ndinawanyamula ine kuchokera kuchipatala. Ukuganiza kuti pabwalo paja akumva kuwawa kuposa ine ndani?"

Nditakweza maso ndinaona kuti awo anali ofiira ngati anga. Sindinachitepo manyazi otero m'moyo mwanga. Kanthawi kena ndinalakalaka bokosi lija likanakhala langa.

Anaimirira, kundilanda mkono uja, n'kuukoleka pakhosi ngati tayi. Tinabwerera limodzi, nyimbo inayambanso, bokosi linatuluka. Ndinkayesa zathera pomwepo. Kumanda, atangomaliza kupemphera abusa, a Marowa anafufumitsa masaya, kutulutsa chifuwa, n'kuloza dzenje:

"Inu achikulire, tsikani pamenepo!"

Anthu anagwa nacho chiseko. Abusa anabisa nkhope m'Baibulo. Ambuya Phiri anaseka mpaka kutsamira mnzawo. Ine ndinaima ngati mtengo wa magetsi, ndipo kwa nthawi yoyamba munthu anandiseka pagulu ine osamugwira pakhosi.

Pa tsiku logawa zovala za malemu, a Marowa ndiwo ankanena zimene Sekuru anasiya. Chipewa kwa uyu, njinga kwa uyo. Pomaliza ananyamula jekete lija, mkono wake pambali.

"Ili Phiri anati lipite kwa mwana wa kumudzi, asadzafe ndi chibayo. Pamene ankanena linali ndi mikono iwiri."

Ambuya analisoka madzulo ake ndi ulusi wofiira. Anati wakuda watha. Mpaka lero sindikhulupirira.

Mayeso ndinakhoza, makina ndimawadziwa, koma satifiketi yake sindikudziwanso kuti ili m'chikwama chiti. Jekete lokha ndimadziwa pamene lili. Mukafunsa ngati ndinasintha, ndinganene kuti pang'ono. Mwezi wathawu pamaliro ena kuno kwathu munthu wina anayamba kuvina pafupi ndi bokosi. Ndinaimirira, koma ndinayamba ndafunsa kaye amene ndinakhala naye pafupi kuti, "Kodi ameneyu ndi ndani wa malemu?" Anati si ndani, ndi chidakwa chabe chodutsa.

Ndinamutulutsa. Koma ndinamugwira lamba, osati mkono wa jekete.