Galu wa m'kompyuta ya amake Dalitso

Lolemba
Tsiku lomaliza tili bwinobwino linali Lolemba ngati lero. Amake Dalitso akutayipa, ine ndikusita malaya. Anati, "Ndalemba mmene mudzagawire katundu wanga, zili muno." Ndinaseka. Mawa lake anagwa ku msika wa Chisokone akugula tomato, osadzukanso.
Alamu anga adzafika Lamlungu kuchokera ku Katete kudzagawa katunduyo. Ntchito yanga ndi yochepa: kupeza kalatayo ndi kuisindikiza. Ndaitana a Mwansa, amene tinachotsedwa nawo limodzi ku mgodi utagulitsidwa, kuti alumikize pulinta. Pulinta yokha.

Lachiwiri
A Mwansa andichitira chifundo. Achotsa zakale zonse zoyendetsera kompyuta, aika zatsopano. "Ba Tembo, ici cipya, n'chatsopano! Mudzandithokoza." Eni mgodi atsopano anatiuzanso choncho.
Akuti mafayilo onse alimo. Kuti? "Momwemo."
Pagalasi pali phiri lobiriwira ndi mitambo. Tizithunzi timene mayi ankadina tapita. Chatsala ndi bini ya zinyalala yokha.

Lachitatu
Ndadina pofufuzira. Kwatuluka galu! Wachikasu, akugwedeza mchira, akufunsa chimene ndikufuna.
Ndalemba: katundu. Palibe.
Kugawa. Palibe.
Wilo. Palibe.
Galu akudzikanda.

Lachinayi
Pakona patuluka uthenga: pali zinthu zimene sizikugwiritsidwa ntchito, kodi tizichotse? Ndatseka. Wabweranso. Ngakhale alamu adikira miyezi itatu asanafunse zimenezi.
Afona masana. "Alamu, makina osokera aja mchemwali anandilonjeza ine." A Tisa, amng'ono awo, afona pa 15 hours. Makina omwewo, lonjezo lomwelo. Popanda kalata, pabwalo langa padzakhala mlandu.

Lachisanu
Zimene ndapeza lero:
nyimbo za kwaya ya Akatolika,
makalata ofunsira ntchito a anthu a ku Garneton,
masewera a makhadi (ndapambana kawiri, ndachita manyazi).
A Mwansa akuti vuto ndi ine, ndikuopa chitukuko. Ndawafunsa pozimitsira. Akuti ndidine polembedwa kuti kuyamba. Ndatulutsa pulagi.

Loweruka
Ndakhala ndi galuyu kuyambira Lachitatu osadziwana. Wafunsanso chimene ndikufuna, ndipo poti mawu andithera, ndangomuuza dzina langa: atate ake Dalitso.
Wapeza.
Masamba awiri. Makina osokera ndi a kwaya, osokera mayunifomu. Zitenje za alamu, mapoto a a Tisa, nsapato agawane popanda phokoso. Mzere womaliza: "Kompyuta mupatse ofesi ya parishi. Atate ake Dalitso musawasiyire, sadziwa ngakhale kuzimitsa."
Ndawerenga katatu. Pulinta ikukana, akuti kompyuta yatsopano siikuidziwa. Ndakopera pamanja. Mzere womalizawo ndaganiza zoulumpha, koma ndaulemba.

Lamlungu
Alamu akukayikira kalata ya dzanja langa, choncho ndawalowetsa m'nyumba kuti awerenge okha pagalasi. Awerenga, alira, kenako aseka mzere womaliza. A Tisa akuti, "Ndi mawu ake enieni." Za makina palibe wanenanso.
Zonse zapita monga analembera. Kompyuta akatekisti adzatenga mawa, ndi galu wake yemwe.
Ndasunga kansalu koluka kamene mayi ankaivundikira nako. Sikali m'kalata, ndafufuza.
Madzulo ndayesa kuzimitsa mwaulemu, ndadina poyambira paja. Yandifunsa mafunso atatu. Ndatulutsa pulagi.