Mpando wa Zaka Zana ku Area 12

Nkhani iyi ndi yamanyazi, koma bola ndiinene ndekha anzanga a ku Old Town asanaikometsere.

Ntchito yanga ndi youza anthu mtengo wa zinthu zakale: mawotchi, ndalama zachitsulo, ziboliboli. Sukulu yake sindinapiteko, ndinadziphunzira ndekha.

Mayi NyaGondwe, amene anapuma ntchito ku Capital Hill, anandiitana ku Area 12. Malemu amuna awo anasiya bokosi lodzaza zamakedzana, ndipo mayiwo ankafuna munthu wodalirika aliwone asanagawire ana. Ntchito yotere sibwera kawiri. Ndinavala jekete.

Pakhonde anandilozera kampando kosema, kakuda bii.

"Khalani apo, ndikatenge kiyi wa bokosi."

Nditakayang'ana, ndinasendera pafupi. Kusema kwake kunali kwaukhondo, miyendo itatu yofanana ngati yochita kuyeza. Mayi atabwerako ndi kiyi, anandipeza ndili chiimire.

"Mayi, pamenepa sindingakhalepo. Mukudziwa chimene muli nachochi?"

"Mpando."

"Iyi ndi antique, mayi, chinthu chamakedzana chamtengo wapatali."

Ndinagwada, kukatembenuza, kukanunkhiza. Ndinawaonetsa timabowo ta chiswe. Ndinafotokoza kuti kuda kwakeko ndi utsi wa mibadwo itatu, ndipo manja osema chonchi anatha kalekale, a masiku ano amangokanda mitengo.

"Zaka zingati?" anafunsa, nkhope ili phee ngati ali mu meeting.

"Zana. Mwina kuposa."

"Mwatsimikiza? Onaninso, sindikuthamanga."

Mayi aja anali kundipatsa mpata wothawira. Ine ndinawonjezera zaka khumi.

Anatembenukira kudimba. "A Chisale, tabwerani mumve za mpando wanu."

Kunabwera bambo wosamalira maluwa, payipi ili m'manja. Anamvetsera mwaulemu, kenako anafotokoza. Anakasema chaka chatha ndi nthambi ya mtengo wa mango imene inagwa ndi mphepo. Kudako ndi polishi wa nsapato za malemu. Chiswe chinakaluma atakaiwala kuseri kwa garaja nyengo ya mvula.

"Koma mwandilemekeza, bwana," anatero. "Chikundivuta n'chimodzi. Mpando ukakhala ndi zaka zana ndi khumi, ine ndili ndi zingati?"

Mayi NyaGondwe sanaseke ngakhale pang'ono. Ananditsanulira tiyi, kundiwonjezera sikono, n'kubwezera kiyi wa bokosi m'thumba mwawo. Sindinaonepo munthu akuchotsedwa ntchito mwaulemu chonchi, ndipo wochotsedwayo ndinali ine.

Ukatswiri wanga, ndaona, umayenda bwino wosemayo akakhala kuti anamwalira.